Paipi ya Mfumu Ikumana ndi Apongozi

Kuseri kwa mapiri amene sapezeka pa mapu a kusukulu kuli ufumu wotchedwa Ndatero. Mfumu yake ndi Sindigwada Wachitatu, ndipo aliyense kumeneko amadziwa kuti mfumuyi imadana ndi chilichonse chokhota. Lamulo loyamba la dzikolo limati mfumu sikhota, ndipo cha mfumu sichipinda. Misewu ya kumeneko imangopita mowongoka, kaya kutsogolo kuli khola, kaya manda, kaya bafa la munthu. Nthochi zopita kunyumba yachifumu amayamba aziwongola zikadali zaziwisi. Akuti ngakhale galu wa pakhomopo anamudula mchira chifukwa unkapindika pamaso pa alendo.

Chaka china mfumu inatopa ndi mathankala a mafuta amene ankangogubuduka m'mapiri, anthu n'kumathamangirako ndi zidebe. Inalamula kuti akwirire paipi yachitsulo pansi, kuchokera ku malire mpaka ku likulu, petulo azibwera yekha. Yowongoka, musachite kufunsa.

Vuto linali pa msika wa Tingovomera. Pakati pa msikawo pamadutsa mng'alu, kamzere koonda ngati kojambula ndi kamtengo, koma kakatali mpaka kumapiri. Nthaka ya kum'mawa kwa mng'aluwo imatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kumpoto, ya kumadzulo kulowera kumwera. Ndi maso simungaone. Koma funsani mayi wina wa tomato amene anayala malonda ake moyang'anizana ndi mnzake wapamtima, lero akuyang'anizana ndi mkazi amene anamulanda mwamuna. Funsani abusa amene chimbudzi cha tchalitchi chawo chinayenda chokha mpaka kukaima pakhomo pa mayi wa kachasu. Ndiye pakapita zaka zingapo nthakayo imatopa ndi kuyenda mozemba, imangodzambatuka kamodzi n'kamodzi, chivomezi chenicheni, mbale kugwa, nkhuku kukwera pa denga.

Amene anapatsidwa ntchito ya paipi anali injiniya Esinati Chikhadwe, mtsikana wa magalasi wosaseka zachabechabe. Anagwada ku bwalo la mfumu n'kufotokoza bwinobwino. Anati paipi ikafika pa mng'alu ikhote mwaulesi, uku ndi uku ngati njoka yokhuta, kuti nthaka ikaikoka ikhale ndi potambasukira. Anati ngalande yake ikhale yotakata, yosazama kwambiri, yodzaza ndi mchenga wosatsendera, kuti paipi izisuntha m'katimo. Koma yowongoka, yomatidwa mu konkire, idzathyoka ngati nzimbe.

Atangotchula mawu oti ikhote, bwalo lonse linatembenukira kwa mfumu. Nduna ya Zokumba ndi Zokwirira, a Mtsitsamutu, anatsokomola n'kupepesa kuti mwanayu sukulu inamuchulukira. Mfumu inati nkhani ndi yapafupi, ndipo inalamula kuti kuyambira Lolemba chivomezi n'choletsedwa m'dziko lonse. Lachitatu nthaka inagwedezeka, chithunzi cha mfumu chinagwera m'kapu ya tiyi ya a nduna.

Nduna zinakhalanso pansi. Zitamaliza nkhuku za m'midzi iwiri zinapeza yankho. Nthaka ya ku Ndatero singagalukire mfumu yake, zimenezo n'zosatheka, ndiye kuti nkhaniyi ndi ya m'banja. Ya kum'mawa ndi mwamuna, ya kumadzulo ndi mkazi, aliyense watenga njira yake. Zimenezo sizifuna injiniya. Zifuna nkhoswe.

Ndiye apa mpamene a Bisalomu Katsabola akulowera m'nkhaniyi, ndipo analowa ndi pakamwa pawo pomwe. A Bisalomu anali nkhoswe yotchuka dziko lonse. Ankadzitama paliponse, pa maliro pomwe, kuti banja limene iwo aligwira silinathepo. Zinalidi zoona, koma njira yake ndiyo imeneyo. Banja likayambana ankanyamula bulangete n'kukakhala komweko. M'mawa tiyi wamkaka, masana nkhuku, madzulo kufunsa ngati yatsalako. Pasanathe mwezi mwamuna ndi mkazi ankapezeka akunong'onezana kukhitchini, kupangana momwe angawachotsere, ndipo chikondi chinkayambira pomwepo.

Ataitanidwa kunyumba yachifumu anavala jekete la pa ukwati, akuganiza kuti kuli mpunga.

"A Katsabola," inatero mfumu, "ndamva kuti banja likavuta mumakagona komweko."

"Ndi momwemo, mfumu. Sindichoka mpaka zitheke."

"Ndi zimene ndikufunazo. Mukagona pa mng'alu."

Inafotokoza kuti boma liwamangira nyumba yabwino ya malata pakati pa msika, chipinda kum'mawa kwa mng'alu, khitchini kumadzulo. Paipi yowongoka idzadutsa pansi pa bedi lawo, yomatidwa mu konkire, petulo akuyenda usana ndi usiku. Adzachokapo tsiku limene adzabwere kudzanena kuti awiriwo agwirizana. A Bisalomu anathokoza, poti ku Ndatero umathokoza kaye, kulira umakalirira kunyumba.

Nyumba inamangidwa msanga, paipi ikadali kutali kumapiri, ikubwera. Akazi awo a Bisalomu, Anadzimbiri, amene amakazinga zitumbuwa pa msika womwewo, anafika nawo limodzi tsiku losamuka. Anangoika mbaula yawo pakhomo, n'kuitana Esinati amene ankayeza malo ndi anthu ake, n'kumufunsa chimene chimachitika paipi ya petulo ikathyoka pansi pa nyumba. Esinati, wosadziwa kunyengerera, anati petuloyo amakwera m'dothi, mpweya wake umadzaza m'nyumba, kenako umapeza moto. Anayang'ana mbaula. Anadzimbiri nawo anayang'ana mbaula.

"Bambo a Feliya," anatero Anadzimbiri mosakweza mawu, "mwadya m'nyumba za anthu zaka zonsezi. Pano wophikidwa ndinu."

A Bisalomu anayesa ntchito yawo, tisawanamizire. M'mawa uliwonse ankaika mpando pa mng'alu, miyendo iwiri uku, iwiri uko, n'kuyamba uphungu. Ankauza nthaka ya kum'mawa kuti mwamuna sathawa pakhomo. Ankauza ya kumadzulo kuti iganizire ana. Anthu a mumsika ankathandiza ndi mtima wonse. Wogulitsa usipa anati bamboyo ngati akulowera kumpoto ndiye kuti kumpotoko kuli wina, a nkhoswe afufuze bwino. Wometa tsitsi anati mkaziyo amusiye apite, waona zambiri, amuponda zaka zonsezi. Mayi wa tomato uja anangopempha kuti akagwirizana abwerere m'mbuyo pang'ono, watopa kuona nkhope ija.

Mwezi usanathe mpando unayamba kupendekeka, miyendo yake itatagadza. Pakhoma la nyumba yatsopano panatuluka kamzere. Paipi nayo inali itatsika phiri, phokoso la makina likumveka mpaka mumsika. A Bisalomu anayamba kubweza chakudya, ndipo m'pamene anthu anadziwa kuti zinthu zavutadi.

Nzeru inawapeza ali pampando womwewo. Kunkabwera wabutchala wa pamsikapo, chibambo chachikulu chimene chimagwetsa ng'ombe chokha, chitasenza mwendo wa nyama paphewa. Mwadzidzidzi chinalumpha kuchoka m'njira, n'kugwera m'milu ya kabichi, n'kuzungulira kuseri kwa malo ogulitsira makala. Kutsogolo kunkabwera kamayi kakang'ono ka dengu pamutu. Apongozi ake. Ku Ndatero mkamwini sakumana maso ndi maso ndi mayi wa mkazi wake. Akawaona amapatuka, kaya m'njiramo muli minga, kaya wanyamula chiyani. Mwambo umenewo ndi wakale kuposa mafumu onse atatu a Sindigwada.

Ndiye nkhoswe imadziwa za m'mabanja, eti. A Bisalomu ankadziwa kuti kunyumba yachifumu kuli asilikali amene ntchito yawo ndi imodzi yokha, kuonetsetsa kuti mfumu isakumane ndi Anachanza, mayi wa mkazi wake. N'chifukwa chake panalibe munthu amene anaionapo mfumu ikukhota.

Anachanza ali ndi chigayo kunja kwa likulu, ndipo ankayenda ndi mkwiyo wa zaka zambiri, poti msewu wowongoka unadutsa pakati pa bafa lawo iwo ali momwemo. A Bisalomu anawapeza ali mbuu ndi ufa, akukalipira makina. Anayamba mozungulira, za mvula, za matenda, koma mayiwo anawadula kuti anene chimene abwerera. Atamva, anapukuta manja pachitenje n'kuseka mpaka kukhala pa thumba la gaga.

"Mungondiuza poima, achimwene. Ameneyo ndimukhotetsa ngati njinga."

Wovuta anali Esinati. Anati sanapite kusukulu zaka zonsezo kuti azijambula paipi ndi apongozi a munthu. Anadzimbiri anamupatsa chitumbuwa chotentha n'kumufunsa ngati sukuluyo inamuphunzitsa njira ina. Esinati anatafuna chitumbuwacho. Kenako anatola kamtengo n'kujambula pansi momwe paipi iyenera kukhotera, mokhota motakata, osati mothyoka ngati chigongono. A Bisalomu anapempha kuti poti akujambula kale, paipiyo iwolokere mng'alu patali ndi nyumba yawo. Esinati anati zimenezo n'zotheka.

Zotsala anagwira ndi amayi a mumsika. Tsiku loti mfumu idzayendere malo odutsa paipi litalengezedwa, aliyense anasuntha malonda ake pang'ono. Milu ya kabichi apa, matumba a makala apo, mbiya uko, mbuzi zomangirira pakona, mpaka mipata yotsala inafanana ndi chojambula cha Esinati. Komanso mfumu ya ku Ndatero siponda dothi wamba, amaithirira mchenga wa kumtsinje. Amayiwo anathira mchenga msika wonse, wochindikala, akuti ndi ulemu. A Mtsitsamutu anawayamikira pa wailesi.

Tsikulo chingwe chinakokedwa mowongoka kuchokera kuchipata cha msika mpaka kutsidya. Mfumu inayamba kuyenda m'mbali mwa chingwecho, chifuwa patsogolo, nduna pambuyo, oimba malipenga pambuyo pa nduna. Asilikali oyang'anira Anachanza anali atazungulira chigayo kuyambira m'mawa, akumva makina akulira, osadziwa kuti mwini wake anatuluka kale atabisala m'ngolo ya matumba a ufa.

Mfumu itatsala pang'ono kufika pa mng'alu, Anachanza anatulukira kuseri kwa kaunjika, atanyamula siketi m'manja ngati akuiyeza, n'kuima pa chingwe penipeni.

Malipenga anasiya okha. Mfumu inaima. A Bisalomu, amene anali atagwada pafupi, anaona khosi la mfumu likutuluka thukuta. Mutu unkati mfumu sikhota. Koma miyendo inaleredwa ndi amayi ake kumudzi, ndipo miyendoyo ndi imene inapambana. Mfumu inapatukira kumanja, n'kulowa mumpata wa kabichi, nduna zonse pambuyo pake, poti nduna imapita kumene mfumu yapita. Itati ibwerere ku chingwe, Anachanza anali atafika kale pa makala, akufunsa mtengo. Mfumu inakhotera kumanzere, n'kuzungulira mbiya. Kumbuyo kwa gulu lonselo kunkabwera Esinati ndi chidebe cha laimu, akuthira mzere woyera m'mapazi a mfumu, nkhope ili gwa ngati ali pa mayeso.

Zonse zinkayenda bwino mpaka pa mbuzi. Mbuzi imodzi inadula chingwe chake n'kuima pa mpata woti mfumu iwolokere mng'alu. Kumbuyo nduna, kutsogolo mbuzi, kumbali apongozi akubwera akung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Mfumu inaona khomo lotsegula. Inalowa m'nyumba ya a Bisalomu, inadutsa kuchipinda, inalumpha bedi, inatulukira kukhitchini. Esinati analowa ndi chidebe chake, anatuluka, n'kunong'oneza a Bisalomu kuti powolokera pamenepo ndi pabwino kuposa pamene anajambula paja.

Mfumu inabwerera pa chingwe kutsidya la msika, ikupuma ngati yathawa njuchi. Kumbuyo kwake mzere woyera unali utagona pamchenga, wokhotakhota, aliyense akuuona. Anachanza anali atakhala pa benchi, akudya nthochi.

A Bisalomu anayenda chogwada mpaka pamapazi a mfumu. Anakumbukira mbaula.

"Mfumu, pali anthu ena osaphunzira akunong'ona kuti mwakhota."

Nduna zina zinatseka maso.

"Ine ndawauza kuti n'zosatheka. Mfumu sikhota. Pamene mwapondapo m'powongoka. Chokhota ndi chingwechi."

Mfumu inayang'ana chingwe. Inayang'ana mzere woyera. A Mtsitsamutu anadumphira kutsogolo n'kunena kuti iwo anachikayikira chingwecho kuyambira pa sitolo pomwe, ndipo apolisi anachikulunga n'kupita nacho. Pomwepo lamulo linatuluka lakuti paipi itsate mapazi a mfumu. Ngalande ikhale yotakata ngati gulu lonse limene linadutsapo, kuti nduna ina isadandaule kuti mapazi ake asiyidwa. Mchenga umene mfumu yaponda sungatayidwe kapena kumatidwa ndi konkire, ndiye ulowe m'ngalandemo, uzungulire paipi. Esinati analemba zonse, ndipo akuti tsiku limenelo anamuona akumwetulira, ngakhale ena amati linali dzuwa chabe.

Paipi inakwiriridwa, petulo anayamba kuyenda. A Bisalomu ankati akagona masana amamumva akudutsa pansi pa msana wawo. Ana a mumsika nawo anayambitsa masewera atsopano, wina kukhala apongozi, wina mfumu, kuthamangitsana motsata pamene panali mzere paja. Apolisi ankawathamangitsa, koma pothawa ankathawanso mokhota momwemo.

Chivomezi chinabwera nthawi ya dzinja, masana, msika utadzaza. Anadzimbiri anali atangoponya zitumbuwa m'mafuta. Pansi panalira ngati lole yodzaza miyala, mbiya zinagubuduka, kenako nthaka inadzambatuka. Nyumba ya malata inang'ambika pakati ngati buledi. Chipinda chinapita kumpoto ndi a Bisalomu, khitchini inapita kumwera ndi Anadzimbiri, amene anathira chidebe cha madzi pa mbaula asanakuwe n'komwe.

Fumbi litatsika, anthu anaona nkhoswe yotchuka ya dziko lonse ikukwawa m'mphepete mwa mng'alu, mphuno pansi, ikununkhiza. Inamva usipa. Inamva mbuzi. Inamva zitumbuwa zonyowa. Petulo ayi. Esinati anafika ndi anthu ake, anafukula mchenga, anapeza paipi itasuntha m'ngalande mwake, mokhota muja mutawongokako pang'ono, koma osadontha ngakhale kadontho. A Bisalomu anakhala pansi n'kupempha chakudya, koyamba m'miyezi yambiri.

Mawa lake mfumu inabwera, asilikali atatsimikiza kawiri kuti Anachanza ali kuchigayo ndipo akuwaona ndi maso. A Mtsitsamutu anali atalengeza kale kuti dzulo sikunali chivomezi, poti n'choletsedwa, koma mwamuna ndi mkazi aja ankakumbatirana. Mfumu inaima pakati pa zidutswa ziwiri za nyumba, ikuyang'ana cham'mbali ana amene ankayamba kale masewera awo. Inati ngati awiriwo agwirizanadi, a Katsabola abwerere kwawo lero lomwe, ndi ulemu wonse. Ndipo poti nthaka sidzasunthanso, paipi ichotsedwe m'mapazi a mfumu, mapaziwo apume, anthu asiye kuwalankhula. Chingwe chija chakhululukidwa. Paipi idzaikidwanso motsata chingwecho, mu konkire.

"Ndiye nenani, a nkhoswe. Agwirizana?"

A Bisalomu anaona nyumba yawo yakumudzi m'maganizo, khonde lake, pansi posagwedezeka. Liwu limodzi lokha, inde. Kenako anayang'ana kumene chingwe chinkadutsa paja. Chinkadutsa pa tomato, pa usipa, pa wometa tsitsi, pa mzere wonse wa amayi okazinga, aliyense ndi mbaula yake. Iwo akanapita kwawo, koma Anadzimbiri akanabwerabe m'mawa uliwonse kudzakoleza moto pomwepo. Anadzimbiriwo anali ataima kutsidya la mng'alu, chipande m'manja, akungowayang'ana.

"Sanagwirizane, mfumu," anatero a Bisalomu. "Dzulo kuja sikunali kukumbatirana. Ankaponyerana mbale."

Mfumu inafunsa kuti nanga zidzatha liti. A Bisalomu anati nkhani yake ndi yaitali, achibale a mbali zonse sanafike n'komwe, ndipo pa nthawi ngati imeneyi sukhudza kanthu kalikonse pakhomopo, ngakhale paipi, kuopa kuwonjezera mkwiyo. Mfumu inatembenukira kwa Esinati. Iye anakonza magalasi n'kunena kuti mabanja a mtundu umenewu, monga mwa mabuku, amatenga zaka masauzande.

"Ndiye khalani pomwepo," inatero mfumu, n'kubwerera ku galimoto yake mowongoka, ikuponda tomato wa anthu.

Mpaka lero a Bisalomu ali pomwepo, pamwamba pa paipi yawo yokhota. Boma linakana kulumikiza nyumba ija, akuti likudikira awiriwo agwirizane kaye. Iwo amagona ku chipinda, kum'mawa. Anadzimbiri anatenga khitchini, kumadzulo, anaikamo mphasa ndi loko wawo. Chaka chilichonse mpata umakula, ndipo mbale ya chakudya imene kale ankapatsirana pamanja, pano amaikankha ndi nsungwi. Amayi a mumsika akawafunsa Anadzimbiri ngati sakudandaula, amati ayi ndithu. Kwawo n'kumwera, ndipo khitchini ikulowera komweko. Akuti adzafika kwa amayi awo osasudzulidwa, osalipira basi, ndipo nkhoswe yoti iwabweze palibe, poti ili pa ntchito ya boma.